Penti Wofiira Pansi pa Waya wa Ethi

A Bitoni Mwale anamwalira mwezi wathawu ku Arcturus, kunyumba kwa mwana wawo wamkazi, ndipo ife a kuno ku Banket tinamva atawaika kale m'manda. Uthenga unadzera kwa mayi wina wa kaunjika amene amayenda m'mapulazi. Anaunena ngati nkhani yongodutsa, uku akutambasula siketi: "Paja mudhara uja wa mawaya anali wa pano eti? Anatisiya." Mkazi wanga anakhala pansi pomwepo. Ine ndinapita kukaima kuseri kwa shedi ya fodya, chifukwa sindinafune kuti anthu aone dalaivala wa imvi akulira munthu amene aliyense ankadziwa kuti ndinkakangana naye sabata ndi sabata.

Nyumba ino, ya zipinda ziwiri ndi khonde la simenti, ndikugonamo mpaka lero chifukwa cha iwo. Amene sanakhalepo papulazi mwina sangamve kulemera kwa mawu amenewa. Kwa ife zidzukulu za anthu amene anabwera wapansi kuchokera ku Malawi, nyumba ya m'komboni imayendera limodzi ndi ntchito. Mnzathu wa Chishona ntchito ikamuthera amamanga katundu n'kukwera basi ya kumusha, kumudzi kwawo. Ife mudzi wathu ndi maina chabe amene makolo ankatchula akakhuta: Dedza, Ntcheu, Mchinji. Ntchito ikatha, kapitawo amabwera kudzatenga kiyi, iwe n'kukaima pamsewu wa ku Chinhoyi ndi ana ndi mapoto.

AMwale anali makanika wa pulazi lino ine ndisanamere ndevu. Anali wamfupi, wa miyendo ya matewe, wa zikhatho zazikulu ngati zobwereka. Ovolosi yawo inali itasiya kalekale kukhala ya buluu. Ankati anabwera m'dziko lino ali kumsana kwa mayi awo, anakulira ku Tengwe m'minda ya fodya, ndipo ntchito anaiphunzira popatsira ena masipanala. Sukulu anangoionera pawindo. Manambala ankawerenga bwino, koma Chingerezi cha m'mabuku a injini ankangochidumpha n'kupita pa zithunzi. Pa nthawi imene mapulazi ankasintha manja, anthu ambiri akubalalika, iwo anatsala, ndipo pampu ya madzi ya m'komboni inkayenda chifukwa cha mawaya amene ankatola m'zigoba za mathalakita. Lamlungu ankaimba besi kutchalitchi kwathu. Zilombo za gule zikatuluka pa maliro, aMwale ankasowa, ndipo ukawafunsa kumene anali ankati kugalaja kunachuluka ntchito. Ndinafunsapo kawiri, kachitatu ndinasiya.

Chimene aliyense amawakumbukira nacho ndi penti. Osati penti wamba ayi, koma wofiira uja woteteza chitsulo ku dzimbiri. Dzimbiri ankadana nalo ngati kuti linawalanda mkazi. Mitambo ikangoyamba kusonkhana mu Okutobala, ankatuluka ndi chitini ndi bulashi, ndipo chilichonse chachitsulo chimene sichinathawe chinkafiira: ngolo, mapulawo, mapaipi a m'mabalani a fodya, geti. Akazi awo, aNaphiri, anabisapo ndowa yawo kwathu sabata yathunthu. Belu la tchalitchi chathu ndi limu yakale ya lole yopachikidwa pamtengo wa mango. Chaka china analipaka kawiri konse, belu lija n'kuyamba kulira ngati lagwidwa chimfine. Akulu a mpingo anawaitana. AMwale anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati mpingo ukufuna belu lokoma mawu la zaka zisanu kapena losasa mawu limene zidzukulu zidzalipeze. Mlanduwo sunagamulidwe, ndipo aMwale anapakanso chaka chotsatira.

Ndine ndinawasamutsa papulazi pano kupita ku Arcturus. Ndinawanyamula pa pikapu ya pulazi, iwo ndi aNaphiri kutsogolo, kumbuyo bedi, mipando iwiri, nkhuku zinayi m'dengu ndi bokosi la zida. Njira yonse aNaphiri anafunda nsalu kumutu. AMwale anangotchera khutu ku injini. Titadutsa Harare, dzuwa likuswa mtengo, anandiuza kuti ndiyatse magetsi akutsogolo, mawaipa ndi fani, zonse pamodzi. Ndinayatsa. Mawaipa anakwecha galasi louma, galimoto inapitirira osadodoma. Iwo anangoti, "Yachira," n'kutembenukira kuwindo. Mmene zinafikira pamenepo ndi nkhani imene ndakhala ndikuitembenuza m'mutu zaka zonsezi.

Pikapu imeneyo inabwera ndi mwini pulazi watsopano. Inali yogwirapo kale ntchito kunja, koma ya mtundu wamakono, injini yake yolamulidwa ndi kabokosi ka kompyuta kobisika kuseri kwa dashibodi. Amakanika achikulire ambiri galimoto zoterezi amaziopa. AMwale zinawakoka. Tsiku limene inafika anakhala maola atagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, akutsata mawaya ndi chala. Anatuluka akumwetulira, n'kunena kuti kabokosiko ndi bwana wovuta: amadya pang'ono, koma chakudya chikachepa amatseka ofesi. Magetsi a m'galimoto amakanika amawatcha moto. Thalakita yakale, ankatero, ukangoiliza basi, batire ukhoza kulichotsa n'kupita nalo kunyumba kukamverera wailesi. Koma injini ya kompyuta imafuna moto wokwanira mphindi iliyonse, ndipo moto ukatsika kabokosi kamasokonezeka mutu, nthawi zina n'kuyamba kunamizira ziwalo zosalakwa.

Zida zawo za mawaya zinali ziwiri: babu la indiketa lomangidwa ku sipoku ya njinga yonoledwa, ndi mita yachikasu yoyezera moto, yogula ku Chinhoyi, imene ankaisunga m'sokisi. Mitayo ankaikonda koma sankaikhulupirira yonse. Ankati waya wotsala ndi kaulusi kamodzi amaonetsa manambala abwino ngati waya wathunthu, malinga asanyamule kanthu. Ukafuna kumudziwa waya, umusenzetse katundu. Ankatinso moto ndi wapaulendo amene amapita n'kubwerera, koma anthu amangoyang'ana njira yopitira, ya waya wofiira, n'kuiwala yobwerera, ya waya wa ethi amene amamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Zimenezi ankaziuza aliyense amene waima pafupi, kaya wafunsa kaya sanafunse, ngakhale azimayi obwera kudzawotcheretsa makasu.

Ine ndi iwo tinkalimbana pa nkhani ya mafoni. M'komboni magetsi amabwera ngati mlendo, ndiye m'mawa uliwonse anthu ankandipatsa mafoni kuti ndiwatchajire m'galimoto ndikamapita ku Banket. Ndinali ndi kachipangizo ka mabowo anayi, ndipo nthawi zina ndinkakasiya kakugwira ntchito injini itazima, ine ndikudikira katundu. AMwale ankandipeza.

"Iwe Banda, mota iyi ndi ya basa, ya ntchito, si sitolo ya moto."

"Madala, foni imadya chiyani? Ndi nyerere pa thumba la shuga."

"Pita ukalifunse thumbalo."

Kumbali ndinkawatcha madala a penti. Iwo pamaso panga ankanditcha katswiri wa chiwongolero, kutanthauza kuti pa galimoto yonse ndinkadziwa chiwongolero chokha. Zinali zoona, n'chifukwa chake zinkandipweteka.

Matenda a pikapu anayamba mu Januwale, mvula ili pakati. Ndikuyenda bwinobwino, kanyali kachikasu ka injini n'kuyaka, masingano a pa dashibodi n'kugwa, galimoto n'kufooka ngati wina waigwira kumbuyo, kenako zii. Ndikadikira pang'ono n'kuliza, inkalira ngati palibe chachitika. Sabata ina kamodzi, sabata ina katatu. Kawirikawiri inkazimira pa kamtunda ka mabampu kodutsa pafupi ndi manda, ndipo m'komboni anthu sanachedwe kupeza chifukwa. Ankati ndinanyamula maliro mu Disembala koma galimoto sinatsukidwe moyenera. Mayi wina anandibweretsera mankhwala owaza pa matayala. Sindibisa, ndinawaza.

Manijala wathu, munthu wophunzira koma waphuma, wamng'ono kwa ine, sanafune kuti aMwale aigwire. Anati galimoto ya kompyuta imafuna kompyuta inzake. Anaitanitsa katswiri wa ku Harare, amene analumikiza kamakina kake pansi pa chiwongolero n'kuwerenga kuti kabokosi kakudandaula za moto wochepa. AMwale anaima pambali, manja kumbuyo, khosi litasomphoka ndi chidwi. Anapempha kuti akaone kamakinako, anakatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati kamanenanso kumene motowo ukutsalira. Katswiri anaseka, anati kamakina kanena kale, batire latha. Iwo anakabweza ndi manja awiri. Pambuyo pake anandiuza kuti ndi chida chabwino zedi, koma chili ngati mwana wodwala: amakuuza kuti m'mimba mukupweteka, sakuuza chimene wadya. Ine nthawi imeneyo ndinaona ngati ndi nsanje ya nkhalamba.

Linabwera batire latsopano. Patapita masiku anayi ndinali pamanda paja, boneti ili yasa. Katswiri anabweranso, kamakina kananenanso zomwezo, ndipo ulendo uno anati ndi olitaneta, imene imadzaza batire injini ikamalira. Anaisintha. Sabata isanathe galimoto inazima itasenza feteleza, mvula n'kunyowetsa matumba onse.

Apo ndiye wina anakamutsina khutu manijala za mafoni. Anandiitanira ku ofesi Lolemba. Analankhula Chishona chokhachokha, monga amachitira akapsa mtima. Anati batire latsopano ndi olitaneta yatsopano sizingaperewere moto pokhapokha ngati wina akuuba, kapena akusinthanitsa batire la pulazi ndi lakutha. Za mafoni ndinavomera, za kusinthanitsa ndinakana. "Basa rapera, Banda," anatero. Ntchito yatha. Anandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi kuti nditulutse katundu m'nyumba. Tinali ndi ana atatu, wamkulu akuyembekezera mayeso, ndipo kunalibe kwina kulikonse kumene tikanati ndi kwathu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachitatu m'mawa ndinapita kugalaja, chipewa chili m'manja. Ndinkayembekezera kuti andikumbutsa za nyerere. Sanatero. Boneti sanatsegule n'komwe. Anandikhazika pa tayala n'kuyamba mafunso.

"Imazima dzuwa likawala kapena kukagwa mvula?"

"Mvula, kawirikawiri."

"Mvula ikagwa manja ako amachita chiyani?"

"Amagwira chiwongolero, madala."

"Chiwongolerocho tikuchidziwa. China?"

Ndinaganiza. Ndimayatsa mawaipa. Ndimayatsa magetsi akutsogolo, chifukwa kumachita kamdima. Ndimayatsa fani kuti galasi lisachite nkhungu.

"Ehee. Nanga pamanda paja pali chiyani, kupatula ogona?"

"Mabampu."

"Katundu ndi kugwedeza," anatero, akupinda zala ziwiri. "Ogonawo asiye apume."

Maso awo anali atayamba kufooka, choncho manambala a pa mita ndinkawawerengera ndine. Anayamba ndi batire, injini itazima: mavolti thwelofu ndi theka, kupitirira pang'ono. Injini ikulira: fotini. Anagwedeza mutu n'kunena kuti mwina batire ndi olitaneta, zatsopano ndi zakale zomwe, zonse zinali zosalakwa. Anapotokola mitu ya batire kuti aone ngati yagwira, anakanikiza lamba ndi chala, anazula mafyuzi limodzilimodzi n'kumawayesa ndi babu lawo lija. Kenako anachita chimene katswiri uja sanachite. Anagona pansi pa chiwongolero n'kukayeza moto pakhomo penipeni pa kabokosi, pa pulagi yake. Mita anaiika pampando, ine nditaima pa chitseko. Fotini kuperewera pang'ono. Anandiuza kuti ndiyatse zonse za mvula zija. Nambala inatsika kufika thwelofu, kenako leveni. Anandiuza kuti ndigwire denga la galimoto ndiigwedeze ndi mphamvu zonse. Nambala inavina, kanyali kachikasu kanayaka, injini zii.

Ndinafuula ngati tagoletsa chigoli. Kwa nthawi yoyamba matenda aja anabwera titachita kuwaitana, pabwalo pouma, kutali ndi manda.

"Ku batire kuli fotini, kuno kukufika leveni," anatero ali chigonere. "Atatuwo akutsala kuti? Popita kapena pobwerera?"

Njira yopita, kuchokera pa mutu wa pulasi wa batire kudzera m'mafyuzi, inali yoyera. Mita sinaonetse kutayika kwenikweni. Ndiye anatalikitsa waya wa mita, mbali ina anaigwiriza pa mutu wa mainasi wa batire, ina pa waya wa ethi wa kabokosi. Anati pa waya wabwino pamenepo pamayenera kuoneka ziro, kapena kanthu kakang'ono kosatchulika. Tinalizanso, ndinayatsa zonse, ndinawerenga. Pafupifupi atatu.

Anatsata waya wakuda uja ndi zala, kudutsa khoma la injini, mpaka kuseri kwa chitsulo chokhalira batire. Pamenepo pali bawuti limodzi pamene mawaya angapo a ethi amakumana: wa kabokosi, wa magetsi, wa mawaipa, wa fani. Analowetsa dzanja, anapapasa, anakanda ndi chikhadabo, n'kutulutsa chala kuchiyandikitsa kumaso. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachipukuta pa ovolosi, anabweza mita m'sokisi, n'kunena kuti atopa.

"Madala, tapeza?"

"Hameno. Ubwere Lachisanu. Ukamuuze kapitawo kuti ndikufuna manijala adzakhalepo."

Ndinapita kunyumba nditakwiya. Ndinauza mkazi wanga kuti nkhalamba ija ikufuna kundikhaulitsa kaye chifukwa cha mafoni, pamene masiku anga akutha. Lachinayi lonse aMwale sanatuluke m'nyumba, munthu amene sankajomba ngakhale malungo amugwire. Mkazi wanga podutsa kukatunga madzi anamva mawu a aNaphiri atakwera m'katimo, koma sanamve zimene ankanena.

Lachisanu anabwera atavala ovolosi yochapa. Manijala anafika ndi kapitawo, ndipo ena a kumabalani anadzipezera zifukwa zodutsira kugalaja. AMwale sanayambe ndi mawu. Analiza injini, anayatsa zonse, anauza amuna anayi kuti agwedeze galimoto, ndipo inazima pamaso pa onse. Kenako anatenga waya wokhuthala wa jampa, mbali ina pa mainasi wa batire, ina pa mawaya a ethi aja. Analizanso. Amuna aja anagwedeza mpaka thukuta, injini osadodoma. Anachotsa jampa, inazima. Anabwereza katatu, mpaka manijala anaika foni m'thumba n'kusendera pafupi. Pamenepo anachotsa batire ndi chokhalira chake, anamasula bawuti lija, n'kunyamula mawaya. Pansi pake chitsulo chinali chofiira, chosalala, penti wopakidwa kawiri mwaluso. Moto wonse wobwerera unkangodzera m'mano a bawuti, ndipo manowo anali atadyedwa ndi mvula ndi fumbi la feteleza.

"Mudhara, chii ichi?" anafunsa manijala. N'chiyani ichi.

"Penti, bwana."

"Anapaka ndani?"

Panalibe amene sankadziwa yankho. Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Ndini," anatero aMwale m'Chishona, kuti pasakhale kusamvana, kenako anabwerera ku Chichewa. "Mu Okutobala ndinapeza asidi wadya chokhalira batire. Ndinamasula mawaya, ndinapaka, penti atauma ndinabweza mawaya pamwamba osapala. Pa mathalakita ndachitapo choncho, sanadandaule. Uyu Banda mafoni ake amandinyansa, koma moto sanabe. Wolakwa ndine."

Anatenga sandipepala, anapala mpaka chitsulo chinawala, anapalanso milomo ya mawaya, anaika bawuti latsopano, anamanga, n'kupaka girisi pamwamba. Inali ntchito ya mphindi khumi.

Manijala anayang'ana batire lakale ndi olitaneta yakale zili pakona, ndipo ndikhulupirira anakumbukanso feteleza uja. Sanakalipe. Kwa ine anangoti Lolemba ndikatenge katundu ku Banket, ndipo kachipangizo ka mafoni ndikakasiye ku ofesi. Ndinakhala pa tayala. Kwa aMwale sananene kanthu tsiku limenelo. Kalata inabwera patapita milungu iwiri, ndipo sinatchule penti. Inati zaka zakwana, maso afooka, akapume, nyumba aipereke mwezi ukatha. Mwina maganizo amenewo analipo kale, sindikudziwa, ndipo sindikufuna kunamizira munthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti kiyi amene kapitawo ankayenera kudzatenga kwanga anakamutenga kwa iwo.

Ku Arcturus ndinapitako kamodzi kukawaona, chaka chachiwiri, ndipo ndimachita manyazi kunena kuti kamodzi. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri, m'nyumba zakale za mgodi. ANaphiri anali atamwalira. Ndinawapeza pampando panja, akukonza tochi ya munthu mongopapasa, maso atayang'ana kwina. Anandizindikira ndi mawu, n'kufunsa za pikapu asanafunse za ana. Safunsa anadya phula. Ndinatulutsa funso limene linkandisowetsa mtendere. Lachitatu lija anali atadziwa. Akanatha kupala chitsulo chija Lachinayi, paokha, osauza munthu. Galimoto ikanachira, ndipo palibe akanadziwa za penti.

"Ikanachira liti?" anandifunsa.

"Tsiku lomwelo."

"Patangopita masiku atatu manijala atakuuza kuti basa rapera. Mota yadwala miyezi iwiri, a ku Harare alephera, dalaivala akangoopsezedwa yachira yokha. Iwe ukanakhala manijala ukanati chiyani?"

Anadziyankha okha.

"Ukanati wakuba wasiya kuba. Mota ikanachira, iwe ukanapitabe."

"Nanga Lachinayi lija munkatani m'nyumba tsiku lonse?"

Anaseka, kuseka kwa munthu wotsala ndi mano ochepa. "Ukuganiza kuti ndinkafuna kuchoka? Ndinkafunafuna njira ina. Amayi ako aNaphiri anaipeza. Anati ndipale penti mwakachetechete, ndibweze bawuti lakalelo, Lachisanu ndidzaonetse dzimbiri lokha. Dzimbiri lilibe mwini. Iwe ukanatsala, ife tikanatsala. Anali ndi nzeru mayi uja. Tinakangana mpaka anakana kundiphikira."

"Ndiye chinakuletsani n'chiyani, madala?"

"Kuti anthu azidzati Mwale anagonja kwa dzimbiri? Bola anene kuti anagonja kwa penti wake." Anandipatsa tochi ija kuti ndiwaonere ngati ikuyaka. Inkayaka.

Mpaka lero sindidziwa ngati limenelo linali yankho kapena njira yonditsekera pakamwa. Nthawi zina ndimati kunali kunyada kwa mmisiri. Nthawi zina ndimati munthu amene wakhala moyo wake wonse akutsata waya mpaka pamene pali vuto sakanatha kuima atatsala ndi chala chimodzi, ngakhale pamapeto pa wayayo atapeza dzanja lake lomwe. Panalinso funso lina limene ndinalisunga: zinatheka bwanji kuti munthu wolalikira za njira yobwerera kwa aliyense, mpaka kwa azimayi a makasu, aitseke yekha ndi bulashi osazindikira? Ndinati ndidzafunsa ulendo wina, mvula ikatha, fodya akagulitsidwa. Zimandiwawa kuti sindinapitenso, ndipo ndimawasowa madala aja kuposa mmene ndinkaganizira kuti ndingasowe munthu wondinyoza.

Nyumba yawo ili kumapeto kwa mzere wathu, zitseko zinayi kuchokera pa changa. Sinapatsidwe munthu. Makanika wa pano amachokera ku Banket pa njinga yamoto, safuna kugona m'komboni. Manijala anaikamo mankhwala opopera fodya, anatseka mawindo ndi malata, n'kupachika loko wamkulu ndi chikwangwani chojambulidwa chigaza. Pakhonde pamera chisoso m'ming'alu ya simenti. Pamene panali khitchini ya udzu patsala mafuwa atatu ndi dothi lakuda. Mtengo wa mapapaya wa kuseri ukubereka kwambiri chaka chino, koma palibe amathyola chifukwa cha fungo la mankhwala. Amangogwa n'kuwolera pansi. Ana amaletsedwa kusewera kumeneko.

Dzulo madzulo mwana wanga wotsiriza, amene anabadwira m'nyumba ino iwo atachoka kale, anandipeza nditaima pakhondepo.

"Ababa, mukufuna chiyani kunyumba ya mankhwala?"

Ndinamuuza kuti kale munkakhala munthu. Anayang'ana loko, anayang'ana chigaza chija, n'kufunsa kuti munthuyo anapita kuti, nanga nyumba yake anaisiyiranji. Ndisanapeze poyambira, mayi ake anamuitana kuti akasambe. Anathamanga kudutsa zitseko zija, n'kukankha chathu ndi phazi, monga amachitira mwana amene sanakayikepo kuti pakhomo ndi pawo.